Danny Boyle: Munthu Amene Amachita Bwino Akamutsekera M'chipinda

Lero tikambe za munthu mmodzi wopanga mafilimu, Danny Boyle. Mwina dzinali silikukuuzani kanthu, koma ntchito zake ambiri munaziona ndithu: Slumdog Millionaire, Trainspotting, 28 Days Later, komanso mwambo wotsegulira masewero a Olympics ku London mu 2012. Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiineneretu kuti amene mutsutsane nane muyambe kukonzeka. Boyle amachita bwino kwambiri akamutsekera m'chipinda chaching'ono, ndi anthu ochepa ndi ndalama zochepa. Mukangomutsegulira chitseko n'kumupatsa dziko lonse, amayamba kuthamanga, ndipo pothamangapo amataya chinthu chimene zisudzo za pa siteji zinamuphunzitsa: kukhala pansi n'kumuyang'ana munthu wovutika, osatembenuza nkhope.

Tiyambe ndi komwe anachokera. Boyle anabadwa mu 1956 ku Radcliffe, tauni yaing'ono kufupi ndi Manchester, m'banja la Akatolika la mizu ya ku Ireland, anthu odya za thukuta lawo. Ali mnyamata ankatumikira ansembe pa guwa, ndipo anatsala pang'ono kupita ku seminale. Sanapite. Anakaphunzira Chingerezi ndi zisudzo ku yunivesite ya ku Bangor, ku Wales, kenako n'kuyamba ntchito m'gulu la zisudzo lotchedwa Joint Stock. Mu 1982 analowa ku Royal Court, nyumba ya zisudzo ya ku Sloane Square mu London, yomwe mbiri yake ndi yoonetsa masewero atsopano, aukali, okamba za ndale ndi umoyo wa anthu wamba. Kumeneko mfumu ndi wolemba sewero. Wotsogolera ntchito yake ndi kutumikira mawu a mnzake.

Nyumbayi ili ndi kachipinda kena pamwamba, Theatre Upstairs, ndipo Boyle anakayendetsapo kwa zaka zingapo. Mipando yake siifika 100. Wochita sewero akatuluka thukuta umaliona, akanama umadziwa. Pa zaka zake za ku Royal Court, Boyle anatsogolera masewero a Howard Barker ndi Howard Brenton, ndipo mu 1984 anabweretsanso Saved, sewero la Edward Bond. Mu sewero limeneli muli malo ena pamene anyamata a mumzinda, osowa chochita, amagenda khanda lili m'kangolo kake mpaka kulipha. Litatuluka koyamba mu 1965, ofesi ya boma yoona za zisudzo inakana kulipatsa chilolezo. Tsono taganizani mutakhala m'holo zimenezi zikuchitika pamaso panu. Pa siteji palibe kudula chithunzi. Palibe nyimbo yoti ikunyamuleni kukakutulani kwina. Woonera ali ndi njira ziwiri basi, kupirira, kapena kudzuka n'kutuluka anthu onse akumuona. Sukulu imene Boyle anachokera ndi imeneyo. Musaiiwale, tibwererakonso.

Mu 1987 anasamukira ku wailesi ya kanema, ku nthambi ya BBC ya ku Northern Ireland. Nthawi imeneyo kumeneko kunali kuphana kwa tsiku ndi tsiku pakati pa magulu ofuna kuti deralo likhalebe pansi pa Britain ndi ofuna kuti liphatikizane ndi Ireland. Ali kumeneko anali pulodyusa wa kafilimu kotchedwa Elephant, kamene kanatuluka mu 1989 motsogozedwa ndi Alan Clarke. Ngati mungakapeze, kaoneni, ngakhale si kodyera nsima. Kamatenga mphindi 39 zokha. Mulibe nkhani, mulibe mayina, kulankhula kuli ngati kulibiretu. Kamera imangotsatira munthu kumbuyo akuyenda m'misewu ya ku Belfast, kulowa m'shopu, m'fakitale, pamalo osambira. Akapeza amene akumufuna amamuwombera, n'kumapita. Kamera imatsala, kuyang'ana mtembo kwa nthawi yaitali kuposa imene mtima wanu ungafune. Kenako wina akuyenda, kuyambiranso. Mpaka maulendo 18.

Ine ndimaona kuti kwa Clarke, Boyle anatengako theka. Anatenga kamera yoyenda, yotsatira thupi la munthu ngati galu wa mlenje. Theka linalo, la kuima chilili pa mtembo, ndi limene wakhala akulimbana nalo moyo wake wonse. Pambuyo pake anatsogolera magawo awiri a Inspector Morse, nkhani ya wapolisi wofufuza milandu ku Oxford, ndiponso Mr Wroe's Virgins mu 1993. Ntchito ya pa TV ili ngati kuphika pa ukwati: nthawi ndi yoikidwa kale, ndalama ndi zowerengeka, ndipo anthu ayenera kudya ngakhale nkhuni zili zaziwisi. Munthu wophunzira pamenepo amatuluka wodziwa kusankha msanga, wosadandaula za zipangizo.

Ndiye mu 1994 kunabwera filimu yake yoyamba, Shallow Grave. Amene mumakhala m'nyumba zogawana lendi, iyi ndi yanu. Anthu 3 ku Edinburgh, dokotala, mtolankhani ndi wowerengera ndalama, akufuna wachinayi woti alowe m'chipinda chotsala. Filimu imayamba ndi atatuwo atakhala pa sofa, akufunsa mafunso ofuna chipindawo mmodzimmodzi, kuwanyoza, kuwaseka chitseko chisanatsekeke n'komwe. Ine ndinakhalapo pa mpando woterowo, m'nyumba ina kuno, anthu akundiyang'ana kuyambira nsapato n'kundifunsa ngati zakudya zakwathu sizinunkha kwambiri. Ndiye pamenepo sindiseka nawo. Koma onani mmene Boyle anapakonzera. Atatuwo akhala ngati oweruza pa mayeso a zisudzo, ndipo inu oonera wakukhazikani mbali yawo, kuti museke nawo kaye musanadziwe kuti ndi anthu otani. Amene amusankha amapezeka atafa m'chipinda chake, atasiya sutikesi yodzadza ndi ndalama. Amagwirizana zosunga ndalamazo n'kukataya mtembo.

Fulati imeneyo si yeniyeni. Anaimanga m'nyumba yosungiramo katundu ku Glasgow, monga momwe amamangira siteji, ndipo mbali yaikulu ya filimu imachitikira mommo. David, wowerengera ndalama uja, amene anagwera ntchito yodula mtembo, amasamukira m'kachipinda ka kudenga pamodzi ndi sutikesi, n'kuboola timabowo m'siling'i kuti aziona anzake pansi. Kuwala kumalowa m'timabowomo ngati mivi. Palibe amene akufotokoza kuti chikumbumtima chamudya munthuyu, nyumba yokha ikukuuzani. Uku ndi kuganiza kwa munthu wa zisudzo: ndili ndi makoma 4 ndi anthu 3, ndiwafinye bwanji mpaka aphulike?

Trainspotting ya mu 1996, yochokera m'buku la Irvine Welsh, anthu amaikumbukira chifukwa cha liwiro. Imayamba ndi anyamata akuthawa mu Princes Street, zinthu zakuba zikugwa m'matumba, nyimbo ikugunda. Koma tayesani kukumbukira malo amene anakukhalirani m'mutu. Onse ndi a m'zipinda. Renton akulowa mutu wonse m'chimbudzi chonyansa kufunafuna mankhwala ake. Renton atabaya heroin wopitirira muyeso, akumira m'kapeti ngati akutsitsidwa m'manda. Renton atatsekeredwa ndi makolo ake m'chipinda cha ubwana wake kuti asiye mankhwalawo, khanda lomwe linafa chifukwa cha kusasamala kwa gulu lawo likukwawa kudenga kulunjika pa iye. Zimenezi si zithunzi za moyo mmene umaonekera kunja. Ndi njira ya pa siteji, pomwe bedi limatha kusanduka bwato oonera n'kuvomereza. Bukuli linali litakhala kale sewero filimu isanapangidwe, ndipo Ewen Bremner, amene ndi Spud mu filimu, pa siteji anali Renton. Apa liwiro ndi chipinda zinagwirizana, chifukwa anyamatawa amathamanga koma safika kulikonse. Amabwerera m'chipinda chomwecho.

Kenako Hollywood inatsegula chikwama. The Beach, ya mu 2000, inali ndi Leonardo DiCaprio atangochoka mu Titanic, ndalama pafupifupi madola 50 miliyoni, ndi chilumba cha ku Thailand chokongola ngati maloto. Kusankha DiCaprio kunadanitsa Boyle ndi Ewan McGregor, amene anali naye mu mafilimu ake 3 oyamba, ndipo awiriwa anakhala zaka zambiri osagwirira ntchito limodzi. Ojambula anasalaza mchenga ndi kubzala mitengo ya mgwalangwa pa gombe la Maya Bay kuti liwoneke ngati paradaiso woposa mmene linalili, zomwe zinabala milandu ku khoti. Nanga filimuyo? Ndi yokongola, koma ilibe polemera. Nkhani yake ndi ya azungu achinyamata amene apeza gombe lobisika n'kulisandutsa lawo, ndipo imayenera kukhala yodzudzula anthu oterowo. Komatu kamera imalikonda gombelo mofanana ndi mmene iwo akulikondera. Mapeto ake, filimu yodzudzula alendo owononga malo inakopa alendo ankhaninkhani, mpaka mu 2018 boma la Thailand linatseka gombelo kuti lipume.

Chimene anachita atagwa ndi chimene ndimamulemekezera. Anabwerera ku BBC, n'kupanga mafilimu awiri a pa TV mu 2001, Strumpet ndi Vacuuming Completely Nude in Paradise, pogwiritsa ntchito timakamera ta dijito totchipa pamodzi ndi wojambula Anthony Dod Mantle. Timakamera totero ndi tomwe anajambulira 28 Days Later mu 2002. Mukukumbukira Cillian Murphy akudzuka m'chipatala, n'kuyenda pa mlatho wa Westminster popanda munthu ngakhale mmodzi? London yopanda anthu imeneyo sanaipange pa kompyuta. Ankajambula m'bandakucha, kuimitsa magalimoto kwa mphindi zochepa, makamera angapo akujambula nthawi imodzi. Ndi zida zazikulu za filimu sizikanatheka. Ndipo zindikirani kuti mzinda wopanda anthu ndi siteji yopanda kanthu: munthu mmodzi pakati, akuitana, palibe woyankha. Amene munafika kuno m'nyengo yozizira, musanadziwe aliyense, simufunika kukufotokozerani chithunzi chimenecho.

Tsopano tifike pamene tingakanganirane, Slumdog Millionaire ya mu 2008. Inatenga mphoto za Oscar 8, kuphatikizapo ya wotsogolera. Ine ndinaiona ndili wamng'ono, pa DVD yobwereka, ndipo ndinaikonda zedi. Mwina inunso. Mafupa ake ndi a zisudzo: Jamal, mnyamata wa m'zisakasa za ku Mumbai, wakhala pa mpando moyang'anizana ndi wofunsa mafunso pa pulogalamu ya pa TV yopatsa ndalama, kenako moyang'anizana ndi wapolisi amene akumuganizira kuti wabera. Anthu awiri, mipando iwiri, funso limodzi. Koma funso lililonse limatsegula chitseko, ndipo Boyle amatuluka n'kuyamba kuthamanga. Ana akuthawa apolisi pakati pa zisakasa, kamera ikuuluka pamwamba pa malata, nyimbo za A. R. Rahman zikukunyamulani. Mayi wa anawo aphedwa pa chipolowe, mphindi zochepa tili kale kwina. Mwana wina amuboola maso kuti azipempha bwino, ifenso tathawa kale pa sitima. Pomaliza aliyense akuvina pa siteshoni.

Bwererani tsopano kwa Edward Bond ndi khanda lija. Ku Royal Court woonera analibe kothawira. Mu Slumdog, nthawi iliyonse imene mtima wayamba kuwawa, Boyle amakugwirani dzanja n'kuthawa nanu. Umphawi umasanduka njira yopitira ku mayankho: mavuto onse amene Jamal anadutsamo amapezeka kuti anali kumukonzekeretsa kupata ndalama 20 miliyoni za ku India. Nanga anzake aja amene anavutika chimodzimodzi koma sanaitanidwe pa TV? Ngakhale chimbudzi chija chinabwereranso. Jamal ali mwana akudumphira m'dzenje la chimbudzi kuti akaone katswiri wa mafilimu. Mu Trainspotting, munthu wolowa m'chimbudzi anali wamkulu, wodzisankhira yekha, ndipo anthu a ku Britain ankaseka mnzawo. Mu Slumdog ndi mwana wa dziko lina, ndipo oseka ambiri ndi anthu amene sanaonepo chimbudzi chokumba. Chithunzi ndi chomwecho, koma kulemera kwake kwasiyana.

Ndisamunamizire. Anagwira ntchito ndi gulu lalikulu la amwenye eniake, mbali ina ya filimu ili m'Chihindi, ndipo Loveleen Tandan analembedwa ngati wotsogolera mnzake wa ku India. Pamene kunabuka phokoso loti ana ena amene anasewera mu filimuyi akukhalabe m'zisakasa, opanga filimu anakhazikitsa thumba la ndalama lowathandiza pa sukulu ndi pokhala. Koma ku Mumbai anthu anachita zionetsero kukana dzina lowafanizira ndi agalu, ndipo mu 2025 Boyle mwiniwake anauza nyuzipepala ya The Guardian kuti filimu yotere sangaipangenso lero, kuti ntchitoyo ingayenere wopanga mafilimu wachinyamata wa ku India.

Funso limeneli ife silachilendo. Mu 2019 Chiwetel Ejiofor, nayenso Mbritishi wokulira pa siteji, anatsogolera The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, yojambulidwa ku Malawi komweko. Ambiri tinaseka Chichewa cha ena mwa ochita sewerolo, ndipo tinali ndi chifukwa. Koma pa nkhani ya njala, Ejiofor anachita chimene Boyle sanachite ku Mumbai. Anakhala pansi. Banja likudya kamodzi patsiku, mbale ikuchepa, anthu akusiya kuyang'anana m'maso, ndipo kamera siithawa. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndiye sindinganene kuti mlendo asajambule zakwathu. Ndingofunsa kuti akafika pa maliro, amakhala nawo pa siwa mpaka kucha, kapena amangopepesa n'kuthamangira galimoto?

Chondipatsa chidwi n'choti Slumdog itamupatsa mphamvu zopanga chilichonse chimene angafune, Boyle anasankha kudzitsekera. 127 Hours, ya mu 2010, ndi nkhani yoona ya Aron Ralston, amene mu 2003 chimwala chinamupana dzanja m'mpata wopapatiza wa matanthwe ku Utah, mpaka anadzidula dzanjalo ndi kampeni kobuntha. Munthu mmodzi, malo amodzi, sangasunthe. Ngakhale apa Boyle amalephera kudzigwira: amagawa chithunzi patatu, amatitengera ku maloto, ku zikumbutso, ku zakumwa zozizira. Koma nthawi yodula dzanja ikakwana, sathawa, ndipo m'malo ena oonetsera mafilimu anthu anakomoka. Mu 2011 anabwerera ku siteji yeniyeni, ku National Theatre, ndi Frankenstein. Benedict Cumberbatch ndi Jonny Lee Miller ankasinthana, lero uyu ndi wolenga, mawa ndi cholengedwa. Sewerolo limayamba ndi mphindi zingapo zopanda mawu, cholengedwa chikugubuduzika pansi, kuphunzira kuima. Munthu amene amati sangakhale phee uja anatha kudikira thupi limodzi mpaka liime.

Ndipo filimu imene ine ndimaiyesa yabwino koposa pa zonse za zaka zake zaposachedwa ndi imene anthu ochepa anapita kukaiona, Steve Jobs ya mu 2015. Aaron Sorkin anailemba ngati sewero la magawo 3, lililonse likuchitikira kuseri kwa siteji Jobs asanatuluke kukaonetsa kompyuta yatsopano, mu 1984, 1988 ndi 1998. Boyle anaichita monga amachitira ku zisudzo: kuyeserera gawo limodzi, kulijambula, kuima, n'kuyeserera lotsatira. Gawo lililonse analijambula ndi zida zosiyana, kuti maonekedwe azikula pamodzi ndi nthawi. Kamera imatsatira Michael Fassbender m'makonde, ngati ya Alan Clarke ija, koma khonde lililonse limakathera kwa munthu amene Jobs anamulakwira, makamaka mwana wake Lisa, amene poyamba ankamukana. Apa kuthamanga kuli ndi malire. Chitseko chilichonse chimene munthuyu watsegula, mlandu wake uli kuseri ukumudikira.

Mwambo wa Olympics wa pa 27 July 2012 uli ndi mbali zonse ziwiri. Bwalo la masewero linasanduka siteji imodzi yaikulu: minda yobiriwira ikuzulidwa, machumuni a mafakitale akutuluka pansi, chifanizo cha sitima ya Empire Windrush yomwe inabweretsa anthu a ku Caribbean mu 1948, kenako mabedi a chipatala ndi ogwira ntchito enieni a NHS akuvina. Amene mumagwira ntchito m'mawodi ndi m'nyumba zosamalira okalamba mukudziwa kuti si kawirikawiri dziko lino kuika ntchito yanu patsogolo pa dziko lonse lapansi, ndipo pamenepo Boyle ndimamuvulira chipewa. Koma machumuni aja atatuluka, palibe amene anatiuza kumene thonje la m'mafakitalemo linkachokera, kapena chimene chinachititsa kuti anthu a pa sitima ija azitchedwa nzika za Britain. Nkhani ya utsamunda inalumphidwa, nyimbo ina n'kuyamba. Kuthamanga kuja.

Ndiye mukadzaonanso filimu ya Boyle, kapena ya wina aliyense, yesani kuchita chinthu chimodzi. Pamene nyimbo yakwera ndipo zithunzi zayamba kusinthana mofulumira, dzifunseni kuti: akundichotsa pa chiyani? Chasiyidwa m'chipinda chija n'chiyani? Ndipo kwa inu amene mumandilembera kuti mukufuna kujambula nkhani zathu za kuno koma mulibe zida, dziwani kuti 28 Years Later, ya mu 2025, mbali yake yaikulu inajambulidwa ndi ma iPhone, ngakhale anawamangirira ku zida zina zodula. Mu filimu imeneyo muli kuthamanga kokwanira, koma malo amene anthu amatuluka akukamba ndi a chete: mnyamata, mayi ake odwala, ndi dokotala mmodzi amene amawauza zoona. Sindikuuzani zambiri, mukaone nokha. Boyle anali ndi zaka 68 pamene filimuyo inkatuluka, ndipo pamalo amenewo anakhala pansi mpaka nkhani itatha.

Chipinda chimene mukulipira lendi yokwera mtengocho, ndi anthu 3 amene mukukanganirana nawo shelefu ya mufiriji, n'chimodzimodzi ndi chimene mkuluyu anayambira. Tsekani chitseko, ikani foni pa tebulo, ndipo wina akayamba kunena zimene wakhala akubisira akumudzi, musadule. Amene simukugwirizana nane pa za Slumdog, ndipo ndikudziwa mulipo, tilembereni. Tidzawerenga mayankho anu m'pulogalamu yotsatira.